Aphunzitsi a ku Nkhotakota Akhalanso pa Benchi ya Ophunzira

Munthu wochokera ku Salima akagwira msewu wa M5 kuloza kumpoto, amayenda makilomita opitirira 100 asanafike m'tauni ya Nkhotakota. Akangodutsa pa Benga ndi pa Mkaika dziko limayamba kusintha nkhope. Minda ya chimanga imachepa, chinangwa ndi mpunga n'kumachuluka, ndipo pa mlatho wa Chia anyamata amathamangira galimoto atanyamula nsomba zotunga pa luzi, zimene madalaivala amazipachika kunja pa galasi kuti mphepo izizipita mpaka akafike kwawo. Kudzanja lamanja nyanja imaonekera ndi kubisala m'kati mwa mitengo ya mango ndi migwalangwa. Kudzanja lamanzere, patali, kuli mapiri a nkhalango yosungirako nyama, kumene njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete zinasamutsidwira m'zaka za 2016 ndi 2017.

Kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza kuti boma lonse la Nkhotakota linali ndi anthu pafupifupi 393,000, okhala pansi pa mafumu monga Malengachanzi, Mwadzama, Mwansambo, Mphonde, Kanyenda ndi Kafuzira. Ambiri mwa iwo moyo wawo uli pa khasu ndi pa ukonde, ndipo ena amadalira nzimbe za ku Dwangwa. Koma chimene mlendo amayamba kuona m'mawa si nsomba kapena mpunga ayi. Ndi ana, mizere ya ana m'mbali mwa msewu, ena atavala yunifolomu, ena malaya a kunyumba, makope ali m'majumbo a shuga, onse akuthamangira belu. Masana ana omwewo ambiri a iwo timawalandira ife ku madrasa, ndipo ndife amene timaona msanga mwana amene wafika Sitandade 4 koma sangathe kuwerenga dzina la mnzake.

Vuto limeneli si la kunyanja kokha. Kafukufuku amene ofesi yoona za chiwerengero cha anthu inachita m'dziko lonse mu 2019 ndi 2020 anasonyeza kuti mwa ana 100 alionse a zaka 7 mpaka 14, ana 19 okha ndiwo ankatha kuwerenga kankhani kakafupi ndi kuyankha mafunso ake, ndipo 13 okha ndiwo ankakhoza masamu oyambira. Abale ndi alongo, amenewa ndi ana athu, odya nafe m'mbale imodzi. Tsono nditamva kuti aphunzitsi a m'masukulu a pulayimale ayamba kuphunzira kugwiritsa ntchito lamya za m'manja, makompyuta ndi matabuleti pa ntchito yawo, ndinaganiza zoyenda m'mbali mwa nyanjayi kuti ndikadzionere ndi kudzimvera ndekha, pakuti za kumva zimapweteketsa mutu.

KULEMBA SIKUNAYAMBE DZULO KUNO

Amene akufuna kumvetsa nkhani ya maphunziro ku Nkhotakota ayambire ku Linga, m'mudzi wakale wa m'mphepete mwa nyanja. Kuno ndi kumene Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anadzakhazikika cha m'ma 1840 kuchokera kugombe la kummawa kwa Africa. Mbiri yake ili ndi mbali yowawa imene sitiyenera kuibisa, chifukwa zombo zake zinkaolotsa minyanga ya njovu pamodzi ndi akapolo kupita tsidya lija, pa ulendo wa ku Kilwa. Mkuyu umene David Livingstone anakhala pansi pake mu 1863 pokambirana za malonda oipawo anthu amauonetsabe kwa alendo. Komanso m'nthawi ya ma Jumbe momwemo ndi mmene mpunga unafalikira kuno, ndiponso ndi mmene anthu a dera lino anayamba kuona kalata. Makalata ankalembedwa m'Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu, ndipo ana ankaphunzira zilembozo pa thabwa losalala, kulemba ndi bango ndi inki yopangidwa pakhomo, n'kutsuka thabwalo phunziro likalowa m'mutu.

Mu 1889 Jumbe wachitatu anapangana pangano ndi Harry Johnston, ndipo mu 1894 amishoni a mpingo wa Anglican anatsegula mishoni yawo pano. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, anaikidwa m'tchalitchi cha All Saints pomwepa. Sukulu za mishoni zinabwera ndi sileti, bolodi ndi choko. Makolo athu ambiri ankaopa kutumizako ana awo poganiza kuti akatayako chipembedzo, ndipo kuopa kumeneko kunatisiya m'mbuyo zaka zambiri pa maphunziro a sukulu. Patapita zaka 100 chitsegulire mishoniyo, mu 1994, boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana m'dziko lonse anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite kukoleji. Zitseko zinatsegukadi, koma kuyambira pamenepo mphunzitsi mmodzi kuyang'anizana ndi ana 100 sichinakhalenso chinthu chachilendo.

Chipangizo choyamba chamakono chimene chinalowa m'makalasi amenewa chinali wailesi. Kuyambira mu 2008 pulogalamu ya Tikwere inkaulutsidwa pa MBC kwa ana a makalasi oyambirira, ndipo masukulu analandira mawailesi opukusa ndi dzanja kapena otchajidwa ndi dzuwa. Mphunzitsi wa m'wailesi ankalankhula, wa m'kalasi n'kumatsogolera ana kuimba ndi kuyankha. Kenaka mliri wa Covid-19 unatseketsa sukulu zonse pa 23 Malichi 2020, ndipo sizinatsegulidwe mpaka Seputembala ndi Okutobala. Ana a m'tauni ena anapitiriza kuphunzira pa lamya za makolo awo. Kuno anyamata ambiri anatsikira kunyanja kukakoka makoka, atsikana ena analowa m'banja, ndipo si onse amene anabwerera. Miyezi imeneyo inaphunzitsa aphunzitsi kuti lamya imene ili m'thumba mwawo ndi chida cha ntchito, monga momwe choko chilili.

CHIYAMBI CHA MATABULETI

Tabuleti ndi kachipangizo kooneka ngati sileti ya galasi, kamene mwana amakakhudza ndi chala ndipo kamamuyankha ndi mawu ndi zithunzi. M'Malawi muno ntchito yoyesa matabuleti m'sukulu za boma inadziwika mu 2013 pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, pamene bungwe la VSO ndi la onebillion la ku Britain anapatsa ana maphunziro a masamu m'Chichewa. A Nicola Pitchford a ku yunivesite ya Nottingham anayerekeza ana amene ankagwira matabuletiwo mphindi 30 pa tsiku kwa milungu 8 ndi anzawo amene ankangophunzira mwa masiku onse, ndipo anapeza kuti a matabuleti aja anapita patsogolo kwambiri. Mu 2019 bungwe la onebillion linali limodzi mwa awiri amene anapambana mpikisano wa dziko lonse wa XPRIZE, maphunziro ake atayesedwa m'Chiswahili m'midzi ya ku Tanga ku Tanzania.

Kuchokera pamenepo Unduna wa Zamaphunziro unayambitsa ndondomeko yotchedwa BEFIT mu 2023, mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO. Inayambira m'masukulu 500, ndipo cholinga chimene chinalengezedwa ndi chakuti pofika 2029 ikhale itafika m'masukulu onse a pulayimale a boma, amene ali pafupifupi 6,000, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Masukulu ena analandira kale, ena akudikira. Kagwiridwe kake ndi kotere: padenga pamaikidwa sola, matabuleti amagona m'kabati yachitsulo mmene amatchajidwa, ndipo safuna intaneti chifukwa maphunziro onse ali m'kati mwake. Mwana amavala zomvetsera m'makutu, mphunzitsi wa m'tabuletimo, dzina lake Alefa, amamufunsa timafunso tingapo, kenaka amamupatsa phunziro lolingana ndi pamene nzeru zake zafika. Motero ana awiri okhala pa mphasa imodzi akhoza kukhala pa maphunziro osiyana, wina akuphunzira chilembo cha "a", mnzake akuwerenga nthano.

LOWERUKA LINA PA TDC

Masukulu a pulayimale m'dziko muno anagawidwa m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi malo okumanirapo aphunzitsi otchedwa TDC, pamene pamakhala mlangizi wa zoniyo, amene aphunzitsi amangoti a PEA. Loweruka lina ndinaloledwa kukhala nawo pa TDC ina ya kufupi ndi nyanja. Aphunzitsi anafika pa njinga, ena pa kabaza, ena wapansi, ndipo anakhala pa mabenchi omwe aja amakhalapo ana. Patebulo panali laputopu imodzi ndi lamya zambiri zotsamira pa soketi imodzi ngati ana a nkhuku pa madeya. Wophunzitsa anzake sanali mlendo wochokera ku likulu. Anali mnyamata wongotuluka kumene kukoleji, ndipo ena mwa ophunzira ake tsiku limenelo anali anthu amene anayamba kugwira choko iye asanabadwe.

Mayi wina wachikulire, amene analowa ntchito m'gulu lija la 1994, anali atagwira lamya yake ndi manja awiri ngati dzira.

"Mwana wanga, ndikadina apa sindifufuta zonse?" anafunsa mayiyo.

"Ayi amayi, dinani basi. Zikasowa tizibweza," anayankha mnyamatayo.

"Inu mumatero. Ine zala zangazi zinazolowera choko."

"Chokonso tsiku loyamba chinkakuthyokerani, amayi. Lero ndani amalemba pa bolodi mowongoka kuposa inu?"

Anthu anaseka, mayi aja anadina, ndipo mndandanda wa maina a ana a m'kalasi mwawo unaoneka. Ananditembenukira nati, "Amwalimu, mwaona? Safunsa anadya phula. Ine ndizifunsa mpaka mwanayu atope nane."

Zimene ankaphunzira tsiku limenelo sizinali zozizwitsa. Ankaphunzira kulemba maina ndi malikisi a ana m'kompyuta kuti makinawo aziwonkhetsa okha, ntchito imene imadya usiku wathunthu kumapeto kwa teremu. Ankaphunzira kutumizirana mapulani a phunziro ndi mapepala a mayeso akale pa gulu lawo la WhatsApp, kusunga zinthu pa memori khadi kuti azitsegula ngakhale kulibe netiweki, ndiponso kujambula mawu a mwana akuwerenga mu Okutobala kuti adzawayerekeze ndi a mu Malichi. Mphunzitsi wina amene anasamutsidwa kuchokera ku sukulu ya matabuleti ku Lilongwe anawafotokozera anzake zimene anaona kumeneko. Anati ntchito yaikulu si kuyatsa tabuleti, chifukwa mwana wa zaka 6 amadziwa zimenezo tsiku loyamba. Ntchito ndi kugawa nthawi kuti kalasi iliyonse ipeze mpata, kuwerenga matabuleti potulutsa ndi pobweza, kupukuta fumbi pa sola, ndi kuyendayenda pakati pa ana kuona amene akungodina osamvetsera. Anawonjezera kuti chimene mwana waphunzira pa galasi chimafunika achilembenso ndi pensulo m'kope, apo ayi chimauluka.

Zovuta nazo anazitchula mosabisa. Choyamba ndi magetsi. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha mwa 100 zilizonse m'dziko muno ndizo zinali ndi magetsi a mawaya, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika koposa. Mu 2023 malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 21 anayamba kugwira ntchito m'boma lomwe lino, koma mphamvu yake imalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo sukulu imene mawaya sanaifike imadalirabe sola yakeyake. Chachiwiri ndi bandulo, imene mphunzitsi amagula ndi ndalama za m'thumba mwake, pa malipiro omwewo ogulira ufa ndi sopo. Chachitatu ndi netiweki, imene m'mbali mwa msewu imagwira bwino koma kumidzi ya kumtunda munthu amachita kukwera pa chulu. Chachinayi ndi nyengo ya kunyanja: chinyezi, mchenga, fumbi la m'chilimwe ndi madenga odontha, zimene sizigwirizana ndi makina. Ndipo chachisanu ndi akuba, chifukwa batire ya sola ili ndi msika pena paliponse.

ANA ALEMBE ZA KWAWO

Madzulo ake ndinatsikira kudooko. Usipa unali utayanikidwa pa mathandala, akuluakulu akusoka maukonde pamthunzi, ndipo anyamata ankakonza nyali zopita nazo pa madzi usiku. Ndinakhala pansi ndi ana angapo a sukulu n'kuwafunsa za mphepo. Mwana amene m'kalasi amakhala duu ngati wosalankhula anandifotokozera kuti mwera umachokera kummwera m'miyezi yozizira ndipo ukakalipa bwato silipita pa madzi, mpoto umabwera ndi mvula, vuma amachokera kummawa. Anandiuza kusiyana kwa chilimira ndi khoka, ntchito ya siginala amene amakopa usipa ndi nyali, chifukwa chimene usodzi umavutira mwezi ukawala, ndi mmene nkhungu zimatulukira m'madzi ngati utsi. Wina anafotokoza za mpasa zimene zimakwera mtsinje wa Bua kukaswana. Zonsezi ndi nzeru zenizeni, zokhala ndi mawu akeake, koma zambiri mwa izo simungazipeze m'buku la sukulu, ndipo pa intaneti za Chichewa chotere n'zochepa zedi.

Apa ndi pamene ndinaona phindu lina la zipangizozi, limene silitchulidwa kawirikawiri. Mphunzitsi wina wa Sitandade 6 anandionetsa mmene amachitira. Lachisanu lililonse ana amalemba chimangirizo m'makope mwawo pa mutu wa kwawo konkuno: mmene amayi amaviikira chinangwa kuti apange ufa wa kondowole, tsiku lowokera mpunga, usiku umene njovu zinamveka kufupi ndi mpanda wa nkhalango. Amawerengerana m'magulu, amakonzerana zolakwika, ndipo zimangirizo zitatu zimene gulu lasankha eni ake amazitayipa okha pa lamya ya aphunzitsi. Kumapeto kwa mwezi amapita nazo kwa wosindikiza mapepala pa boma, n'kuzimata pakhoma la kalasi. Iye anati mwana akadziwa kuti zolemba zake zikawerengedwa ndi anthu ena kupatula aphunzitsi a cholembera chofiira, amafunsa yekha kalembedwe koyenera ka mawu, amabwerezanso chiganizo katatu, ndipo amapita kwa agogo ake kukatsimikiza dzina la nsomba.

Zida zothandiza pa ntchito yotere zilipo ndipo zina n'zaulere. Bungwe la Saide la ku South Africa linayambitsa African Storybook, nkhokwe ya timabuku ta ana ta m'ziyankhulo za mu Africa muno, Chichewa chili momwemo, ndipo mphunzitsi akhoza kutsitsa timabukuto, kutisindikiza, ngakhalenso kupanga kabuku katsopano ndi nkhani ndi zojambula za ana ake. Kuyambira mu 2014 makina omasulira a Google amamasuliranso Chichewa, ngakhale kuti kawirikawiri Chichewa chake chimatuluka chopotoka, ndipo mphunzitsi wanzeru amachigwiritsa ntchito pouza ana kuti apeze pamene makinawo aphonya. Tilinso ndi wailesi yathu ya Nkhotakota Community Radio, imene imamveka m'midzi yambiri ya boma lino. Bwanji makomiti a sukulu osakapempha kamphindi koti ana aziwerengapo zolemba zawo? Ganizirani za madzi osefukira amene anavuta ku Dwangwa mu Febuluwale 2024, pamene mabanja zikwizikwi anathawa m'nyumba zawo. Ana amene anaona zimenezo ndi maso awo ali m'makalasi lero. Akapanda kuzilemba iwo, adzazilemba ndi anthu amene sanaponde m'matopemo.

Tisaiwale mnansi wathu wa ku Kasungu, William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi anapanga makina a mphepo opangira magetsi pongoona zithunzi za m'buku la mu laibulale yaing'ono. Intaneti anakaiona koyamba mu 2007 ku Arusha ku Tanzania, makina ake atazungulira kale zaka zingapo. Chimene chinamuthandiza choyamba chinali kudziwa kuwerenga ndi kukhala ndi chidwi. Makompyuta anadzapeza munthu wokonzeka kale.

MBALI YA MAKOLO

Tsono mpeni umene umasenda chinangwa ndi womwewo umatema chala. Lamya imene imabweretsa buku imabweretsanso juga ya mpira, imene yadya ndalama za anyamata ambiri a kudooko, zithunzi zolaula, mabodza, ndi anthu achinyengo ofuna manambala achinsinsi a Airtel Money ndi Mpamba. Matabuleti a kusukulu aja alibe vuto limeneli chifukwa salowa pa intaneti. Ngozi ili pa lamya ya pakhomo, imene bambo amaisiya m'manja mwa mwana popita kunyanja usiku. Aphunzitsi amene ndinacheza nawo anagwirizana pa malamulo angapo amene ndikuona kuti ndi oyenera banja lililonse. Chithunzi cha mwana chisatumizidwe pa gulu lililonse makolo ake asanavomere. Zolemba za mwana zikamatuluka kunja kwa sukulu zizikhala ndi dzina loyamba lokha, popanda mudzi kapena nambala ya lamya. Mphunzitsi asamalemberane mauthenga ndi mwana payekha, makamaka mtsikana, koma adzere kwa kholo. Ndipo tonse tidziwe kuti kuyambira mu 2016 dziko lino lili ndi lamulo lolanga anthu ozunza kapena kunyoza anzawo kudzera pa lamya ndi pa intaneti.

Nkhani ina ndi ya nthawi. Mwana wa kunyanja tsiku lake ndi lodzaza kale: sukulu m'mawa, madrasa masana, kutunga madzi, kuyanika usipa, kulera mng'ono wake. Masukulu ena akafuna kuika maphunziro owonjezera masana amapezeka akulimbirana ana ndi ife. Zimenezi sizifuna mkangano, zimafuna kuti ahedi, amwalimu ndi komiti akhale pansi teremu isanayambe n'kugawana maola, pakuti mwanayo ndi mmodzi. Mwana amene wadziwa msanga kuphatikiza zilembo kusukulu savutanso ku madrasa, ndipo amene wazolowera kuloweza ndi kukhala mwaulemu ku madrasa aphunzitsi akusukulu amamuyamikira. Tiyang'anenso atsikana. Pakhomo pakakhala lamya imodzi, kawirikawiri imathera m'manja mwa mnyamata, mlongo wake ali kumoto. Amayi a m'magulu oyang'anira atsikana pa sukulu aonetsetse kuti pa mndandanda wa ogwira tabuleti ndi otayipa nkhani, atsikana akupezekapo mofanana ndi anyamata.

Bambo wina msodzi amene ndinacheza naye pa dooko anandifunsa funso lolunjika. "Amwalimu, makinawa akabwera, aphunzitsi azigwiranso ntchito yanji?" Ndinamufunsa ngati injini itabwera pa boti asodzi anasiya kudziwa nyanja. Anaseka nati injini ikafera pakati pa madzi, amene amapulumutsa anthu ndi uja wodziwa mphepo ndi nkhafi. Ndi mmenenso zilili m'kalasi. Tabuleti siingadziwe kuti mwana uyu wabwera osadya, kapena kuti uja wajomba masiku atatu chifukwa amalume ake amutengera ku usodzi. Siingapite kwa amfumu kukadandaula za mtsikana amene akufuna kumukwatitsa asanakwane zaka 18, zimene malamulo a dziko lino analetseratu mu 2017. Zimenezi ndi za mphunzitsi, ndipo n'chifukwa chake mphunzitsi amene wataya Loweruka lake kukakhala pa benchi kuti aphunzire chinthu chatsopano ayenera kulemekezedwa ndi mudzi wonse.

Choncho, abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwambazi, msonkhano wa makolo ukaitanidwa teremu ino tisatumize ana kukatimverera. Tipite tokha ndipo tikafunse mafunso. Kodi sukulu yathu ili pati pa ndondomeko ya matabuleti? Ngati afika, chipinda chosungiramo chili ndi chitseko cholimba ndi denga losadontha, ndipo mlonda akulipidwa ndi ndani? Ngati sanafike, tingayambe ndi chiyani pa zimene tili nazo kale? Kodi komiti singapatule kandalama kochepa ka bandulo ndi kosindikizira zolemba za ana? Amene tili ndi achibale ku Johannesburg kapena ku Cape Town, tikamawapempha lamya yatsopano, yakaleyo ikhoza kukagwira ntchito m'manja mwa mphunzitsi. Ndipo pakhomo, chakudya chamadzulo chikatha, tiitane mwana atiwerengere zimene walemba sabata imeneyo. Ngakhale kholo limene silinapite kusukulu lingathe kumva ngati mwana walondola nkhani ya mwera kapena waiphonya, ndipo lingamuuze dzina lenileni la nsomba imene waisokoneza. M'mera mpoyamba.